Mayina a makampani akufa akuthamangabe pa njanji za ku America

Pa 3 ndi 4 July 2012, tauni yaing'ono ya Spencer m'chigawo cha North Carolina ku America inadzaza alendo. Kunalibe mpira, kunalibenso msonkhano wandale. Anthu anachoka kutali, ena atakolekera makamera m'khosi, ena atagwira adzukulu pamkono, kudzaona mitu ya sitima 20 itandandalika pabwalo la malo akale okonzerapo sitima, omwe lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa North Carolina Transportation Museum. Mitu yonseyo inali ya kampani imodzi, Norfolk Southern, yomwe chaka chimenecho inkakwanitsa zaka 30. Koma panalibe ngakhale umodzi umene unavala yunifolomu ya kampaniyo ya masiku onse, yakuda ija yokhala ndi hatchi yoyera pamphuno. Wina unali wabuluu, wina wobiriwira, wina wofiira ngati njerwa yootcha bwino, ndipo uliwonse unalembedwa m'nthiti dzina la kampani ya njanji imene inamezedwa kalekale. Eni mwambowo anautcha chithunzi cha banja.

Mutu wa sitima wotere Azungu amautcha heritage unit. M'mimba mwake mulibe chachilendo. Muli injini ya dizilo imene imazunguza jenereta, jeneretayo n'kupanga magetsi oyendetsa mamota amene ali kumateyala. Mitu 10 ya ku Spencer inali ya mtundu wa ES44AC, yopangidwa ndi General Electric, ya mphamvu za mahatchi 4,400. Ina 10 inali SD70ACe ya kampani ya EMD, ya mahatchi 4,300. Chithunzi chija chitajambulidwa, yonse inabwerera kukakoka malasha, chimanga, makontena ndi mafuta ngati inzake. Chosiyana ndi chovala chokha. Ndiye funso n'lakuti: chovala chokhacho chimakokeranji anthu akuluakulu kukaima m'mphepete mwa njanji m'bandakucha, kunja kukuzizira?

Yankho lili m'manda a makampani. M'chaka cha 1916 njanji za ku America zinafika pachimake, mamailosi pafupifupi 254,000, ndipo zinali m'manja mwa makampani ambirimbiri, iliyonse ndi dera lake. Lero zatsala mamailosi pafupifupi 140,000, ndipo makampani akuluakulu onyamula katundu ku United States ndi ku Canada ndi 6 okha: Union Pacific, BNSF, CSX, Norfolk Southern, Canadian National ndi CPKC (Canadian Pacific Kansas City). Ena onse anagwa kapena anamezedwa. Nkhondo yachiwiri itatha, misewu ikuluikulu ya phula inabweretsa mathiraki, ndege zinatenga apaulendo, pamene boma linkawaikirabe eni njanji mitengo ndipo silinkawalola kutseka msanga njira zimene zinkangodya ndalama. Makampani anayamba kukwatirana kuti apulumuke.

Ukwati wotchuka kwambiri unali wa 1968, pamene adani awiri akale, Pennsylvania Railroad ndi New York Central, anaphatikizana kukhala Penn Central. Banjalo silinakhalitse. Pofika June 1970 kampaniyo inagwa ndi ngongole, ndipo pa nthawiyo kunali kusanaonekepo kugwa kwa kampani kwakukulu chotero m'dzikolo. Makampani ena a kumpoto chakum'mawa, monga Lehigh Valley, Reading, Erie Lackawanna ndi Central Railroad of New Jersey, nawonso anali chigonere. Boma linatolera zidutswa zonsezo n'kuumba Conrail, imene inayamba ntchito pa 1 April 1976. Lamulo la Staggers la 1980 linamasula eni njanji kuti azikambirana okha mitengo ndi makasitomala, ndipo kumezana kunapitirira mwaliwiro. Norfolk Southern yeniyeniyo inabadwa mu 1982 kuchokera ku Norfolk and Western ndi Southern Railway.

Kampani ikamezedwa, njanji zake zimatsala, milatho imatsala, anthu ake ambiri amatsala. Chimene chimafa ndi dzina ndi utoto. Okonda sitima amatcha makampani oterewa fallen flags, kunena kuti mbendera zimene zinatsitsidwa. Ife kwathu kuno mwana amapatsidwa dzina la agogo ake amene anatisiya, dzinalo n'kumamvekanso pabwalo. Kupenta mutu watsopano m'mitundu ya kampani yakufa n'chimodzimodzi, ndipo amene amamva kukoma kwenikweni ndi aja ankawadziwa agogowo.

Utoto sunayambe ngati chokongoletsera chabe

M'masiku a sitima za malasha, mitu yambiri ku America inali yakuda, pakuti mwaye sunkalola za ukhondo. Mtsogoleri wa Southern Railway, Fairfax Harrison, atapita ku England n'kuona mitu yobiriwira ya kumeneko, analamula kuti mitu yatsopano yokoka apaulendo, imene inafika mu 1926, ikhale yobiriwira ndi mizere ya golide. Mtundu umenewo unakhala nkhope ya kampaniyo, ndipo ndi umene uli pa mutu wa Norfolk Southern nambala 8099 lero. Dizilo itabwera, thupi la mutu wa sitima linasanduka khoma losalala loti wojambula n'kuseweretsapo burashi. Mu 1937 Leland Knickerbocker anakonzera kampani ya Santa Fe chovala chofiira, chachikasu ndi chasiliva chotchedwa Warbonnet, chimene mpaka lero chili pa zidole za ana. Pennsylvania Railroad inali ndi mizere isanu yopyapyala ya golide, New York Central inali ndi mzere wokhota ngati mphezi. Munthu wa m'tauni ya njanji ankadziwa sitima ya kwawo ili patali, asanawerenge n'chilembo chimodzi chomwe.

Makampani a lero sanadzutse mitundu imeneyi mofanana, ndipo okonda sitima amakanganapo ndithu. Union Pacific ndi imene inatsegula njira mu 2005 ndi 2006 ndi mitu 6, yokumbukira Missouri Pacific, Western Pacific, Missouri-Kansas-Texas, Denver and Rio Grande Western, Chicago and North Western ndi Southern Pacific. Manambala ake ndi zaka: 1982, 1983, 1988, 1989, 1995 ndi 1996, zolozera pafupifupi nthawi imene makampaniwo anamezedwa kapena kuphatikizidwa ndi ena. Koma zovalazo sizinali zenizeni zakale. Ojambula anatenga mitundu ndi zizindikiro zakale n'kusoka chovala chatsopano chimene kampani yakufayo sinavalepo. Norfolk Southern inasankha kutsatira zakale mmene zinalili, kuyambira pa zithunzi za wojambula wokonda sitima Andy Fletcher, ndipo mtsogoleri wake pa nthawiyo, Wick Moorman, anali munthu wodziwika kuti amakonda mbiri ya njanji. CSX inachedwa mpaka 2023, ndipo inabwera ndi njira yachitatu: kumutu kumakhala utoto wa CSX wa lero, kenako n'kusungunuka pang'onopang'ono kulowa m'mitundu yakale chakumbuyo. Woyamba unali nambala 1827, wa Baltimore and Ohio, kampani imene inakhazikitsidwa chaka chimenecho. Ambiri anadandaula kuti wojambula chithunzi amaima kutsogolo kwa sitima, ndiye chimene amaona ndi CSX yemweyo wa masiku onse. Ine ndili kumbali ya Norfolk Southern. Ngati cholinga ndi chakuti nkhalamba imene inagwira ntchito ku Lehigh Valley iime n'kunena kuti "ndi yomweyo," chovalacho chiyenera kukhala chomwecho, osati chofanana nacho.

Amtrak, imene imanyamula anthu kuyambira pa 1 May 1971, inadzutsa zovala zake zakale mu 2011 pokwanitsa zaka 40. Canadian National inachita zake mu 2020, kukumbukira Illinois Central, Wisconsin Central, BC Rail ndi ena.

Palinso chifukwa china chimene sichilembedwa pa zikalata za chikondwerero. Malamulo a ku America amati chizindikiro cha malonda chikakhala zaka zitatu zotsatizana chosagwiritsidwa ntchito, chimaoneka ngati mwini wake wachitaya. Zizindikiro zakalezi zili ndi ndalama, pakuti zimadindidwa pa zidole za sitima, zipewa ndi matisheti. Pa nthawi imene Union Pacific inkapenta mitu yake 6 ija, inalinso pa mkangano ndi makampani opanga zidole za sitima pa nkhani yolipira akagwiritsa ntchito zizindikiro zake. N'chifukwa chake ena amati mutu wovala dzina lakale ndi umboni woyenda wakuti dzinalo likadali ndi mwini. Sindikuona kuti zimenezi zikuchotsa kukoma kwake. Munthu atha kusamala manda a makolo ake chifukwa cha chikondi komanso chifukwa chakuti mandawo ndi umboni wa malo.

Ntchito yopentayo si yamasewera. Mitu ya Norfolk Southern inapentedwa ku Altoona m'chigawo cha Pennsylvania, ku Chattanooga m'chigawo cha Tennessee, ndi ku fakitale ya ku Muncie m'chigawo cha Indiana. Thupi la mutu umodzi limapitirira mamita 22 kutalika. Amalitsuka kuchotsa mafuta, amalipala, amaika utoto woyamba woteteza dzimbiri, kenako mtundu uliwonse umapoperedwa pawokha, mbali zina zonse zitakutidwa ndi mapepala ndi tepi. Vuto lalikulu n'lakuti mizere yakale inakonzedwera mitu ya mphuno yobulungira ndi nthiti zosalala, pamene mitu ya lero ndi ya makona, yodzaza zitseko, mahinji ndi mabowo a mpweya. Mzere wopyapyala wa golide uyenera kudutsa pa zitseko zambirimbiri osaphonya ngakhale pang'ono, chifukwa ukangopindika, diso limaona nthawi yomweyo. Pamwamba pa izo pali za chitetezo zimene sizingasiyidwe: nambala yowerengeka bwino, nyali ziwiri za m'munsi kutsogolo, timizere tonyezimira usiku m'mbali. Mukayang'anitsitsa pafupi ndi nambala mupeza zilembo zing'onozing'ono za mwini weniweni wa lero.

Amene amadikira m'mphepete mwa njanji

Okonda sitima amadzitcha ma railfan. Ali ndi malo awo odziwika. Pafupi ndi Altoona pali Horseshoe Curve, pamene njanji inatsegulidwa mu 1854 imapinda ngati chiboda cha hatchi pokwera mapiri a Allegheny, moti woonerera amaima pakati sitima n'kumuzungulira mbali zitatu. Ku Rochelle m'chigawo cha Illinois, pamene njanji za Union Pacific ndi BNSF zimadutsana, tauni inamanga kapaki ka oonerera. Ku Folkston m'chigawo cha Georgia kuli nsanja yofolera yoonerapo sitima zopita ndi kuchokera ku Florida. Malo ambiri otere ali ndi makamera oonetsa pa YouTube usana ndi usiku, ndipo n'kumene ine ndinayamba kuionera mitu imeneyi, pa foni, usiku anthu atagona.

Sitima za katundu sizilengeza nthawi yake kwa anthu wamba. Ndiye kuona mutu umene ukuufuna ndi ulenje. Wina akauona ukudutsa pa tauni yake amalemba pa intaneti nambala yake, nthawi, kumene ukulowera, ndiponso ngati uli kutsogolo kapena uli wachiwiri. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu. Sitima yaitali imakokedwa ndi mitu iwiri kapena itatu, ina imaikidwa pakati kapena kumapeto, ndipo mutu wokongola ukabisika kumbuyo kwa wakuda, chithunzi chawonongeka. Wa m'tauni yotsatira amawerengera liwiro, amayang'ana kumene dzuwa lili, amanyamula wailesi yomvera zimene madalaivala akukambirana ndi wowongolera sitima, n'kuthamangira pa mlatho. Atha kudikira maola atatu, chodikiracho n'kudutsa m'masekondi 20. Ndipo chifukwa makampani amabwerekana mitu m'malo moimasula pa malire, mutu wa Norfolk Southern, kampani ya kum'mawa, umatha kutulukira ku California. Tsiku limenelo mafoni sapuma.

Pali ambiri amene ali ndi mndandanda wa mitu 20 ija ndipo amachonga umodziumodzi kwa zaka. Ena amafuna kuujambula mutu uli pa njanji ya makolo ake: wa kampani yakale ya Virginian uli m'mapiri a malasha a West Virginia, wa Pennsylvania uli pa Horseshoe Curve. Apo ndiye mtima umakhala m'malo.

Chikondichi chili ndi ngozi yake, ndipo sindikufuna kuizembetsa. Sitima yolemera yothamanga imafuna mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka kuti iime. Ku America, ambiri mwa anthu amene amafa pa njanji ndi oyenda kapena kuima pamene saloledwa. Dalaivala akaona munthu ataika miyendo ya kamera pafupi ndi njanji, sangadziwe ngati achoka, ndipo sangakhote. Ogwira ntchito ali ndi dzina lonyoza la okonda sitima opyola muyeso, foamer, kutanthauza wochita thovu kukamwa. Dzinalo silinabwere chabe.

Amene amakhala m'katimo

M'chipinda choyendetsera sitima ya katundu mumakhala anthu awiri, dalaivala ndi kondakitala. Kondakitala wake si wodula matikiti. Ndiye amasunga mapepala a katundu, amalankhula pa wailesi, ndipo sitima ikaima patchire ndiye amatsika ndi tochi kuyenda m'mbali mwa mabogi kufufuza vuto. Lamulo limawalola kugwira ntchito mpaka maola 12, ndipo ambiri amaitanidwa pa foni nthawi iliyonse, usiku kapena pa Khirisimasi. Munthu wotere akakwera mutu, utoto sauona, chifukwa uli kunja. Chimene amaona ndi mpando, kaya ndi wothyoka kapena ayi. Choziziritsa mpweya, kaya chikugwira. Chimbudzi cha kumphuno, kaya chatsukidwa. Ena amanena poyera kuti mutu wa zovala zakale ndi mtolo, chifukwa pa mphambano iliyonse pali makamera, ndipo kalikonse kolakwika kamene ungachite mawa kali pa intaneti, mabwana n'kukaona.

Komabe anthu omwewa ndi amene nkhaniyi imawakhudza mozama kuposa wojambula aliyense. Pa njanji za ku America, tsiku limene unalembedwa ntchito ndiye chuma chako. Limanena amene asankhe ulendo wabwino, amene apite kutchuthi nthawi yabwino, amene ayambe kuimitsidwa katundu akachepa. Makampani akaphatikizana, mabungwe a antchito amalimbana kwa nthawi yaitali pa kasakanizidwe ka mindandanda imeneyi, ndipo munthu amapuma ntchito akudziwikabe kuti ndi wa kampani imene inamulemba poyamba. Dzina lakale limakhala ngati mfunda. M'matauni ngati Altoona ntchitoyi inkachoka kwa agogo kupita kwa bambo, kwa bambo kupita kwa mwana, kampani n'kusintha dzina katatu banja lili pa njanji yomweyo.

Taonani za Conrail. Inayamba ndi njanji zowola, mitu yotha ntchito ndi anthu ochokera m'makampani amene ankadana. Ambiri ankati ndi dzenje lotayiramo ndalama za boma. Antchito anavomera kulandira malipiro otsika kuposa anzawo a makampani ena, ambiri anachotsedwa, njira zambiri zinatsekedwa. Pansi pa utsogoleri wa L. Stanley Crane kampaniyo inayamba kupanga phindu mu 1981, ndipo mu 1987 boma linaigulitsa pa msika wa masheya. Itachira chotero, inakhala nyama yonona: pa 1 June 1999 inagawidwa pakati pa Norfolk Southern, imene inatenga magawo 58 pa 100, ndi CSX, imene inatenga 42. Mitu yabuluu ya Conrail inapentedwanso umodziumodzi m'mitundu ya eni ake atsopano. Munthu amene anaidzutsa kampaniyo ndi manja ake anaona mtundu wake ukuzimiririka pamaso pake. Ndiye mu March 2012 mutu woyamba mwa 20 ija utatuluka ku Altoona, unali nambala 8098, wabuluu, wolembedwa Conrail. Dalaivala wa zaka za m'ma 50 amene anapatsidwa mutu umenewo m'mawa wina sankafunika womufotokozera tanthauzo lake. N'chifukwa chake ngakhale amene amanyoza ojambula amapezeka ndi chithunzi m'foni, ataima pa masitepe a mutuwo, chikwama cha ntchito chili pambali. Ndipo pa mphambano, atatha kuliza hutala monga mwa lamulo, kawiri motalika, kamodzi mwachidule, kenako motalikanso, ambiri amatulutsa dzanja pawindo kubayibitsa mwana amene wanyamulidwa paphewa.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa mndandanda wa Norfolk Southern ndi nambala 1073, wakuda, wokhala ndi zilembo zoyera P ndi C zolukana. Ndi wa Penn Central, kampani ya manyazi ija. Kukanakhala kosavuta kuisiya kunja kwa chithunzi cha banja. Koma anthu masauzande anagwiramo ntchito, anayendetsa sitima pa njanji zogwedera, osadziwa ngati kampani ifika chaka chamawa. Kulephera kunali kwa a m'maofesi, thukuta linali lawo.

Apa mpamene ndiyenera kunena mbali yowawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zaka zomwe makampani akhala akutulutsa mitu yokongolayi ndi zomwenso akhala akuchepetsa antchito ndi kutalikitsa sitima mpaka makilomita atatu kapena kupitirira, pofuna kusangalatsa eni masheya. Cha m'ma 1920 njanji za ku America zinkalemba anthu oposa 2 miliyoni. Lero makampani akuluakulu aja onse pamodzi ali ndi antchito osafika 150,000 m'dzikolo. Mu 2022 antchito anatsala pang'ono kunyanyala ntchito, nkhani yaikulu ili masiku olipidwa munthu akadwala, ndipo mu December nyumba ya malamulo inawakakamiza kulandira mgwirizano umene mabungwe awo ena anaukana. Pa 3 February 2023 sitima ya Norfolk Southern inagwa ku East Palestine m'chigawo cha Ohio, mankhwala oopsa n'kuwotchedwa, anthu n'kusamutsidwa m'nyumba zawo. Wantchito amene anganene kuti utoto ndi wotchipa poyerekeza ndi kulemba anthu okwanira akunena zoona, pakuti mutu uyenera kupentedwa ndithu kuti usachite dzimbiri, ndipo kusintha mtundu kumangoonjezera pang'ono. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri n'zoona. Dzina la Conrail pa chitsulo ndi ulemu weniweni kwa amene anaigwirira ntchito, ndipo ulemuwo sulowa m'malo mwa tsiku lopuma munthu akadwala.

Nkhaniyi ili ndi kachingwe kofika kwathu. Malawi Railways itaperekedwa m'manja mwa Central East African Railways mu 1999, mmodzi mwa eni a kampani yatsopanoyo anali Railroad Development Corporation ya ku Pittsburgh. Kampani yomweyo ndi mwini wa Iowa Interstate Railroad, imene imayenda pa njanji zakale za Rock Island, kampani imene inatsekedwa mu 1980. Mutu wake nambala 513 unapentedwa m'mitundu ya Rock Island. Wa ku Limbe, ku Balaka kapena ku Nkaya amene bambo ake ankati "ndimagwira ku Railways" akudziwa mmene dzina la pantchito limakakamirira pa banja, ngakhale chikwangwani cha pageti chitasinthidwa.

Kumezana sikunathe. CPKC inabadwa mu April 2023, Canadian Pacific itatenga Kansas City Southern. Mu July 2025 Union Pacific inalengeza kuti ikufuna kugula Norfolk Southern yonse pa mtengo wa madola pafupifupi 85 biliyoni, ndipo mphamvu yovomereza kapena kukana ili m'manja mwa bungwe la boma lotchedwa Surface Transportation Board. Pakati pa mitu 20 ya ku Spencer panali umodzi, nambala 8114, wolembedwa kale Norfolk Southern m'zilembo zachikale. Umakumbukira kanjanji kena ka dzina lomwelo, kamene kankachoka ku Norfolk m'chigawo cha Virginia kukafika ku Charlotte, ndipo kanamezedwa ndi Southern Railway mu 1974. Dzinalo linatengedwa n'kupatsidwa kampani yaikulu ya 1982, ija ya hatchi yoyera pamphuno, imene mu 2025 inapezeredwa wogula.